Mafunso a Owerenga: Njinga Yopinda ya Kaunjika, Poikonza Tiyambire Pati?

Funso lochokera kwa bambo wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare

Akonzi, ine ndimagwira ntchito yaulonda pa fakitale ina ku Workington. Mwezi wathawu ndinagula njinga yopinda ya kaunjika kwa munthu wina ku Mbare, pofuna kuchepetsa ndalama zomwe zimathera pa makombi, komanso chifukwa chipinda chomwe ndimachita lendi chilibe malo osungira njinga yaikulu. Dzina la kampani linafufutika pa felemu, koma pamatayala palembedwa kuti 20 x 1.75, ndipo kumbuyo kuli magiya 6. Ndikamapalasa, pakati popindira pamalira ndi kugwedera pang'ono, mabuleki sagwira bwino kukagwa mvula, ndipo pamsewu wosalala miyendo imazungulira kwambiri koma njinga siithamanga. Mnzanga akuti ndiipentetse, ndiwonjezere magiya, ndipo popindirapo ndikawotcheretse kwa amisiri a ku Siyaso, ku Mbare. Kodi ndiyambire pati, popeza ndalama zanga ndi zochepa?

Yankho

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu yofotokoza bwino. Pa mavuto atatu omwe mwatchula, limodzi lokha ndi lomwe lingathe kukuvulazani mwadzidzidzi popanda chenjezo, ndipo vutolo ndi kugwedera kwa popindira. Ndikupemphani kuti musaikwerenso njingayo kupita kuntchito, ndiponso musagule kanthu kalikonse katsopano, mpaka mutadziwa chomwe chikugwedeza pamenepo. Njinga wamba imakhala ndi felemu ya mapaipi olumikizana mbali zitatu, moti paipi imodzi ikafooka zina zimathandizira, pomwe njinga zambiri zopinda zimadalira paipi imodzi yaikulu yomwe inadulidwa pakati n'kulumikizidwa ndi hinjesi. Thupi lanu lonse, ndi kugunda konse kwa maenje a m'misewu yathu, zimadutsa pamalo amodzi amenewo.

Chitani chonchi. Tambasulani njingayo, mutseke zomangira zonse monga mwa masiku onse, mugwire buleki yakutsogolo ndi dzanja limodzi, kenaka muziikankhira njingayo kutsogolo ndi kumbuyo uku chala cha dzanja linalo chili pamzere pomwe mbali ziwiri za felemu zikumana. Mukatero musunthire chalacho pa hinjesi yachiwiri, yomwe ili pansi pa paipi yonyamula handulo, kenaka pakhosi pomwe foloko imalowa mu felemu. Malo atatuwa amapereka kugwedera kofanana munthu akakhala pachishalo, ndipo kawirikawiri eni njinga amaloza popindira pomwe vuto lili pamabelingi a pakhosi, omwe amangofuna kumangidwa ndi sipanala. Ngati chala chanu chamva kusuntha pa hinjesi yeniyeniyo, yang'anani chomangira chake. Pafupifupi zomangira zonse zimakhala ndi bawuti kapena nati yosinthira kulimba kwake, ndipo kuizungulitsa pang'ono, gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulo nthawi iliyonse, kumathetsa kugwedera kwambiri. Chomangira chosinthidwa bwino chimafuna mphamvu ya chikhatho kuti chitsekeke. Ngati chikutsekeka ndi chala chimodzi ndiye kuti ndi cholekerera, ndipo ngati chikufuna kumenyedwa ndi mwala ndiye kuti mwapitirira muyeso. Onaninso ngati kachingwe kapena kapulasitiki kotchinga chomangiracho kuti chisatseguke chokha kalipo, chifukwa pa njinga za kaunjika kameneka ndi komwe kamayamba kutayika.

Kugwedera kukapitirira ngakhale mwamanga, ndiye kuti pini ya hinjesi yadyeka kapena bowo lake lakula. Apa m'pomwe amisiri a ku Siyaso kapena a ku Gazaland ku Highfield angakuthandizeni, koma munthu wofunika ndi wa makina osemera zitsulo, yemwe angayeze bowolo n'kukusemerani pini yolimba yokwana ndendende. Musalole kuti alowetsepo msomali kapena bawuti wamba wa pageti, popeza chitsulo chofewa chimapindika, ndipo mano a bawuti amadya bowolo mpaka kulikulitsa kuposa kale.

Musanalipire mmisiri aliyense, tsukani felemu ndi kansalu konyowetsa ndi palafini, muitulutse padzuwa, ndipo muyang'anitsitse m'mphepete mwa malo onse owotcherera: mbali zonse ziwiri za hinjesi, pansi pa khosi, ndi pamwamba pa paipi yomwe mumalowa chitsulo cha chishalo. Mukufuna kamzere kopyapyala ngati tsitsi, penti yong'ambika motsatira mzere umodzi, kapena dzimbiri lotuluka m'kamng'alu. Tengani maginito, ngakhale ya mu sipika yakale, muigunditse pa felemu. Ikamamatira, felemuyo ndi yachitsulo, ndipo mmisiri wodziwa kuwotcherera ndi mkuwa angathe kukonza mng'alu waung'ono womwe uli kutali ndi hinjesi. Ikapanda kumamatira, felemuyo ndi ya aluminiyamu, ndipo apa ndinena mosabisa kuti mng'alu pa felemu yotere ndi mapeto ake. Aluminiyamu wa njinga amalimbitsidwa m'ng'anjo kufakitale akatha kuwotcherera, ndipo moto wa mmisiri wa m'mbali mwa msewu umachotsa kulimbako pamalo ozungulira pomwe wawotcha, moti felemu imadzathyokanso pafupi pomwepo. Zikatero, chotsani matayala, mabuleki ndi magiya musunge, felemuyo muisiye. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa kwa munthu amene wangotulutsa ndalama, koma kuthyokeredwa njinga pakati pa magalimoto a m'mamawa pa Simon Mazorodze Road ndi chinthu chomwe sindingafunire wowerenga aliyense.

Pa chifukwa chomwechi, malangizo a mnzanu okhudza penti muwaike kumapeto kwenikweni. Penti yatsopano imabisa ming'alu, ndipo owerenga ena amene akuganiza zogula njinga zotere achenjere ndi njinga yakale yomwe yangopopedwa kumene penti yonyezimira pamalo owotcherera. Zowotcherera hinjesi kuti isamapindikenso sindikuzivomereza, chifukwa mudzataya chinthu chomwe munaigulira njingayo, komanso moto udzafooketsa malo omwe akufunika kulimba kuposa ena onse.

Chinthu china choti muone tsiku lomwelo ndi chitsulo cha chishalo. Pa njinga yopinda chimakhala chachitali kwambiri, ndipo chapansi pake pamakhala mzere wosonyeza pomwe chiyenera kulekezera pochikweza. Mzerewo uyenera kubisika mkati mwa felemu nthawi zonse. Ngati ndinu wamtali moti mzere ukuonekera, pakufunika chitsulo chotalikirapo cha kunenepa komweko. Njinga za Dahon ndi zambiri zotengera mapangidwe ake zimagwiritsa ntchito cha mamilimita 33.9, pomwe za Brompton ndi 31.8, ndipo miyeso imeneyi siipezeka mwachisawawa kwa ogulitsa zipangizo za njinga wamba, choncho chomwe muli nachocho muchisamale. Chikakanirira ndi dzimbiri, thirani oyilo wolowerera m'mphepete mwake kwa masiku angapo n'kumachipotoza pogwira chishalo. Hamala imangofufumitsa chitsulo n'kuchikaniriritsa kwambiri.

Felemu ikapezeka kuti ndi yabwino, ndalama zanu zoyamba zipite ku mabuleki, makamaka popeza mvula ya kuno imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi ndipo inu mumayenda mdima usanathe. Maginito aja muwagunditsenso pa limu. Malimu achitsulo onyezimira amaterera kwambiri akanyowa, ndipo mphira za buleki zimadutsa mizungulo ingapo zisanayambe kugwira, pomwe malimu a aluminiyamu amagwira bwino kwambiri pamvula. Yambani ndi zotsika mtengo, zomwe ndi mphira zatsopano ndi makebulo atsopano pamodzi ndi zikuta zake, chifukwa mphira zokalamba zimauma ndipo kebulo yadzimbiri imameza mphamvu ya dzanja isanafike pa tayala. Podula makebulo atsopano muyeze ndi akale, ndipo musanawamange muipinde njingayo kuti muone ngati sakukokeka kapena kuthyoka pokhota. Makebulo a njinga yopinda amatalika dala. Ngati malimu ndi achitsulo ndipo mwapeza kangachepe, sinthani la kutsogolo poyamba, popeza buleki yakutsogolo ndi yomwe imaimitsa njinga kwambiri. Muwerenge mabowo a masipoko pa habu, kaya ndi 28 kapena 36, kuti limu yatsopano ifanane nawo. Mukafuna kugula gudumu lonse, yezani mpata wa pakati pa miyendo ya foloko, chifukwa njinga zambiri zopinda zili ndi mamilimita 74 pomwe njinga wamba zili ndi 100, ndipo foloko siyenera kukanulidwa mokakamiza. Njinga zina zochokera ku Japan zimakhala ndi buleki yakumbuyo ya lamba yobisika m'kambale pambali pa habu, yomwe imakonda kulira. Musathiremo oyilo pofuna kuiletsa kulira, chifukwa isiyiratu kugwira.

Pa matayala muli ndi mwayi. Kulembedwa kwa 20 x 1.75 kukutanthauza limu ya mamilimita 406, yomwenso ndi ya njinga za BMX ndi njinga zambiri za ana okulirapo, choncho matayala ndi machubu ake amapezeka m'masitolo a m'tauni ndi m'misika. Fufuzani nambala yonga 47-406 m'mbali mwa tayala ndipo muilembe papepala popita kokagula, popeza palinso matayala ena otchedwa a mainchesi 20 omwe limu yake ndi 451, ndipo awiriwa salowana ngakhale pang'ono. Ndikulangizani kuti musatsike pa 1.75 pofuna liwiro. Gudumu laling'ono limalowa m'dzenje mozama kuposa lalikulu, ndipo tayala lonenepa lopopedwa molingana ndi muyeso wolembedwa m'mbali mwake ndi lomwe limateteza limu, masipoko ndi hinjesi yomwe. Musinthenso lamba wa mkati mwa limu wotchinga mitu ya masipoko. Ngati valavu yake ndi yonga ya njinga zakapalasa za kumudzi, ija yokhala ndi kamphira mkati, ndipo mpweya ukutha usiku umodzi, sinthani kamphirako musanaganize kuti chubu chabooka.

Tsopano za liwiro. Vuto lanu lagona pa kukula kwa giya yakutsogolo, ndipo kuwonjezera magiya kumbuyo sikungalithetse pokhapokha giya yaing'ono kwambiri itakhala ya mano ochepa kuposa yomwe ilipo. Gudumu lanu likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mita 1.57. Werengani mano a giya yakutsogolo ndi a giya yaing'ono kwambiri kumbuyo. Ngati kutsogolo kuli mano 44 ndipo kumbuyo 14, mapedulo akazungulira kamodzi mumayenda pafupifupi mamita 4.9, pomwe njinga yakapalasa wamba ya matayala a 28, yokhala ndi mano 44 ndi 18, imayenda pafupifupi mamita 5.5 popanda magiya n'komwe. Mukaika giya yakutsogolo ya mano 52 mudzafika pafupifupi mamita 5.8, ndipo giya yaikulu yakumbuyo, yomwe ndi yofewa, ikakhala ya mano 28 idzakupatsanibe mamita 2.9, omwe ndi okwanira pa zitunda zomwe mungakumane nazo pakati pa Mufakose ndi Workington. N'chifukwa chake makampani odziwika amaika magiya a mano 52 kapena 53 pa njinga za matayala a 20. Pa njinga zotsika mtengo giyayo imakhala yokhomeredwa ku mkono wa pedulo, choncho mungafunike kugula mkono wonse wa kumanja, ndipo muonetsetse kuti giya yaikuluyo siikukhudza felemu potambasula ndi popinda. Tcheni chidzafunika kutalikirako. Kumbukirani kuti pedulo yakumanzere imamasulidwa mozungulira mosemphana ndi yakumanja.

Zoika magiya 8 kapena 9 kumbuyo zimafuna habu ya mtundu wina, gudumu lomangidwa mwatsopano, chosinthira china ndi tcheni china, ndipo chokokera tcheni chachitali chimalendewera pafupi kwambiri ndi nthaka pa gudumu laling'ono, pomwe chimatola mchenga ndi kugunda miyala. Kwa munthu wopita kuntchito ndi ndalama zowerengeka, phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi mtengo. Chomwe mungachite lero ndi kuyeza tcheni: mapini 24 a tcheni chatsopano amatalika mainchesi 12, omwe ndi mamilimita pafupifupi 305. Chikapitirira ndi milimita 1.5 chisinthidwe, ndipo chikapitirira ndi 3 ndiye kuti chadya kale mano a filiwilo, magiya akumbuyo aja, moti ziwirizi ziyenera kusinthidwa limodzi. Chitsukeni ndi palafini, chiume, ndipo muthire oyilo pang'ono n'kupukuta wotsalira kunja kuti fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala lisamamatire.

Musanafike pa penti, gulani nyali yoyera yakutsogolo, yofiira yakumbuyo ndi chipewa choteteza mutu, pakuti njinga yaing'ono imabisika mosavuta pakati pa makombi. Madigadi nawonso ndi ofunika kwa munthu wovala yunifolomu. Tsiku lopenta likadzafika, muphimbe nkhope ziwiri za hinjesi ndi mkati mwa paipi ya chishalo, chifukwa penti ikalowa m'menemo zomangira sizitsekanso bwino.

Funso lochokera kwa mayi wa ku Highfield

Akonzi, malemu bambo anga, amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza mzinda wa Harare ukadali kutchedwa Salisbury, anasiya njinga yopinda ya Raleigh Twenty yomwe yakhala m'kachipinda kosungira katundu kwa zaka zambiri. Ili ndi magiya atatu a mkati mwa habu. Mwana wanga wamwamuna akufuna kuchotsa zonse zakale n'kuikamo zamakono. Kodi ndimulole?

Yankho

Mayi, njinga imeneyo ndi yamtengo wapatali, ndipo ndikupemphani kuti mwana wanu aigwire modekha. Raleigh Twenty inayamba kupangidwa ku Nottingham mu 1968, felemu yake ndi yachitsulo cholimba, ndipo ndi imodzi mwa njinga zopinda zakale zomwe anthu m'maiko ambiri amazifunafunabe kuti azikonze. Mukapukuta habu yakumbuyo mudzaona dzina la Sturmey-Archer ndi manambala osonyeza chaka ndi mwezi womwe inapangidwa, zomwe zingakuuzeni nthawi yomwe bambo anu anaipeza ngati anaigula yatsopano. Habu ya mtundu wa AW inayamba kupangidwa mu 1936 ndipo mapangidwe ake anakhala osasintha kwenikweni kwa zaka makumi ambiri chifukwa ndi yopirira. Kawirikawiri imangofuna madontho angapo a oyilo wopepuka kudzera pa kabowo kokhala ndi chivindikiro, kebulo yatsopano, ndi kusintha koyenera. Ikani chosinthira pa giya yachiwiri, ndipo muzungulitse chomangira kebulo mpaka phewa la kandodo komwe kamangiriridwa ku katcheni kakang'ono lifanane ndi nsonga ya ekiselo mukasuzumira pa kabowo ka nati. Kusintha kumeneku kukalakwika, mapedulo amatha kuzungulira opanda kanthu pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu, zomwe ndi zoopsa munthu akaimirira popalasa.

Mwana wanu adziwe chinthu chimodzi asanagwire sipanala. Kampani ya Raleigh inkadula mano a zomangira zake mwa muyeso wakewake, mano 26 pa inchi, pomwe njinga zambiri zili ndi 24, ndipo nyumba ya ekiselo ya mapedulo pa Twenty ndi yotambalala kuposa ya masiku ano. Zipangizo zamakono za pamenepo ndi za pakhosi sizilowa, ndipo akazikakamiza adzawononga mano a felemu yomwe. Makapu akalewo awasule, awatsuke, aikemo timabolo tatsopano ndi girisi, n'kuwabwezera. Mikono ya mapedulo imagwidwa ndi kotapini, yomwe wokonza njinga aliyense wa m'dera lanu amaidziwa. Poikhoma pansi pa mkonowo patsamire chitsulo kuti hamala isaphwanye mabelingi.

Kusintha komwe ndingavomereze ndi mtima wonse ndi kwa malimu, kuchoka pa achitsulo kupita pa a aluminiyamu, pomangira pa mahabu akale omwewo, pamodzi ndi mphira ndi makebulo atsopano. Koma ayambe wawerenga tayala, chifukwa njinga zimenezi zinkatuluka ndi miyeso iwiri. Ngati palembedwa 20 x 1 3/8, limu yake ndi 451, ndipo matayala ake ndi ovutirapo kupeza kuposa a 406. Kusamukira ku 406 n'kotheka, koma limu imatsika ndi mamilimita opitirira 20 kuchoka pomwe mphira za buleki zimafika, choncho pamafunika mabuleki a mikono yaitali. Penti yakale ndi zilembo zake muzisiye. Kutsuka ndi kupaka polishi ya galimoto n'kokwanira, ndipo dzimbiri la pa handulo limachoka ndi waya wofewa wotsukira mapoto woviikidwa mu oyilo.

Funso lochokera kwa mnyamata wa ku Epworth

Akonzi, ndikufuna kuwotcherera keliyala yaikulu pa njinga yanga yopinda kuti ndizinyamula mabokosi a tomato kuchokera ku Mbare Musika. Ndikadzapita kumudzi ku Mulanje ndikufuna kudzaitenga kuti izikagwira ntchito ya kabaza. Kodi ipirira?

Yankho

Achimwene, maganizo ofuna kudzipezera ntchito ndi abwino, koma njinga imeneyi siinapangidwire katundu wotere. Makampani a njinga zopinda amaika malire a kulemera: Dahon imatchula makilogalamu 105 pa njinga zake zambiri ndipo Brompton imatchula 110, ndipo makeliyala ang'onoang'ono omwe amabwera ndi njinga zotere ambiri amaloledwa makilogalamu 10 okha. Inuyo mukakhalapo, mpata wotsala ndi wa chikwama ndi zogula zapakhomo. Mabokosi a tomato kapena munthu wachiwiri adzakankhira kulemera kumbuyo kwa gudumu laling'ono, kutsogolo kudzapepuka moti handulo idzakuvutani kuwongolera, ndipo hinjesi idzayamba kugwedera pasanapite nthawi. Pa ntchito yomwe mukufunayo pezani njinga yakapalasa yaikulu ya masipoko onenepa, kapena ya Buffalo, yomwe keliyala yake inapangidwira makilogalamu 100 ndipo imagulitsidwa kuno ku Zimbabwe ngakhalenso ku Malawi, kotero zipangizo zake mudzazipeza mbali zonse ziwiri.

Yopindayo mungathe kupita nayo kumudzi ngati njinga yoyendera nokha, ndipo pa basi yodzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ubwino wake udzaoneka. Ipindeni, muchotse mapedulo ngati si opindika, muike katoni pakati pa mbali ziwiri za felemu, mukulunge chokokera tcheni ndi nsalu kuti katundu wa anthu ena asachipinde, ndipo muilowetse m'thumba lalikulu. Funsani a basi za mtengo wa katundu musanagule tikiti, musunge lisiti yogulira njingayo ngati muli nayo kuti musavutike poyankha mafunso pachipata, ndipo mutenge machubu awiri ndi tayala limodzi la muyeso wake, chifukwa m'magolosale a kumudzi mumapezeka kwambiri matayala a 26 ndi 28.